Tomato wamkulu amakhala pamwamba

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, kuopa kuti nkhaniyi ingaoneke ngati ine ndine woyera ndipo akuba ndi anthu ena. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, zaka zapitirira khumi tsopano. Mukafika pabenchi langa n'kuona mulu woimikidwa bwino, anayi pansi mmodzi pamwamba, dziwani kuti wapamwambayo ndinachita kumusankha. Ndi uja wofiira bwino, wosalala, wopanda bala. Amene ali ndi kachilonda ndimamutembenuza kuti kachilondako kayang'ane pansi. Izi sindinaphunzire kusukulu, ndinaonera mayi anga, iwonso anaonera ena. Inu mumadziwa, ifenso timadziwa kuti mukudziwa, malonda n'kumayenda. Mukafika kunyumba n'kupeza mmodzi wofewa mumangong'ung'udza pang'ono, kumudula, kuponya mumphika, yatha.

Ndiye munthu ngati ine, wodziwa kumene bala limabisidwa, sindinayenere kupusitsidwa ndi nyumba. Koma ndinapusitsidwa abale anga, masanasana, maso ali gwa.

Ine ndi bambo a ana anga tinachita lendi zaka 9, kusamuka kasanu. Amene munachitapo lendi mukudziwa mmene zimawawira. Mwana wako akakangana ndi mwana wa alandilodi, wolakwa ndi wako basi. Ukagula mpando watsopano, mwezi wotsatira lendi yakwera. Choncho tinayamba kusunga. Banki m'khonde, chipereganyu cha amayi a mzere wathu, ndi tindalama tina tobisa moti olo bambowo sankatidziwa. Kunali zaka zina zoti Khirisimasi tinkadya usipa, ana n'kumandiyang'ana ngati ndawalakwira.

Mu October 2021, dzuwa lili phwee, kunabwera dobadoba wina pabenchi langa. Anthu amenewa amanunkhiza ndalama ngati galu ndi fupa, kaya anamva kwa ndani. Akuti, "Asisi, kuli nyumba ku Machinjiri, simunaionepo. Mukangoiona simugona."

Sananame. Sindinagone.

Nyumbayo inali yoti simunagonepo munthu. Penti wa kirimu kunja, mkati woyera mbee. Matailosi onyezimira mpaka kubafa. Mawindo akuluakulu ochita kukoka chammbali. Siling'i yokhala ndi timagetsi ting'onoting'ono ngati nyenyezi. Denga lake linali la masiku ano lija, lobisika, loti ukaima panja suona malata, umangoona khoma lakwera mpaka pamwamba ngati ofesi. Ndinavula nsapato pakhomo popanda wondiuza. Mwiniwake anali atamanga zinayi zofanana pamzere umodzi, ziwiri zinali zitagulidwa kale. Anandiuza kuti ndikachedwa ndi sabata imodzi ndilira. Mawu amenewa ndimawadziwa, inenso ndimauza anthu kuti tomato watsala yemweyu kuseri kuli madengu atatu. Koma tsiku limenelo makutu anga a zamalonda anali atatsekeka.

Tinagwirizana kuti tipereke gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, tilowe, zotsalazo timalize pakutha pa chaka. Mtengo wake sinditchula, ena a inu mungandiseke, ena mungayambe kundipempha ngongole. Tinasainirana pamaso pa amfumu, ife n'kusamuka.

Mayi anga atabwera kuchokera ku Thyolo kudzaona, sanasangalale ngati mmene ndinkayembekezera. Anazungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kenako n'kufunsa, "Nanga khonde lili kuti?" Ndinawauza kuti amayi, masiku ano za makonde zinatha. Iwo akuti, "Ndiye mvula ikamabwera chammbali, khomali limabisala pati?" Ndinaseka. Pochoka anangoti chikomekome cha mkuyu, osamaliza n'komwe. Ndinakwiya nawo mumtima, ndinkati nsanje ya anthu akumudzi imafika ndi kwa mwana wobala yekha.

Mvula itayamba, nyumba inayamba kuyankhula. Choyamba chitseko cha kuchipinda chinakana kutsekeka, kufuna kuchimenya ndi phewa. Kenako penti wa m'munsi mwa khoma anayamba kutupa ngati matuza, ukaboola mukutuluka ufa woyera ngati mchere. Zovala za mu wadiropu zinayamba kununkha chinyontho, nsapato za kutchalitchi za abambo zinamera nkhungu yobiriwira. Matailosi ena ukaponda ankalira ngati pansi pali mphako. Mng'alu unayambira pakona ya windo la pabalaza n'kutsetsereka chopingasa, sabata iliyonse ukutalika. Ndinkaika kalendala pamenepo kuti alendo asaone. Mukuona? Ndinali nditayamba kale kutembenuza tomato m'nyumba yanga yomwe.

Ndiye kunabwera namondwe wa Ana kumapeto kwa January 2022, uja anaononga ku Kapichira dziko n'kukhala mumdima. Usiku umenewo ndinamva madzi akuyenda pamwamba pathu, osati kudontha ayi, kuyenda. Denga lobisika lija lili ndi ngalande kuseri kwa khoma, madzi onse a padenga amathera mmenemo n'kutulukira pa timapaipi. Kwathu timapaipito tinali tiwiri, tating'ono ngati dzanja la mwana. Ngalande inadzaza, madzi n'kubwerera mkati. Ndinaunika ndi tochi ya foni kuchipinda kwa ana n'kuona siling'i yafufuma ngati mimba. Ndinawadzutsa onse atatu, kuwakokera kuchipinda kwathu akulira ndi tulo. Sipanathe ola. Tinangomva phuu! Siling'i yonse ndi madzi ake ndi thabwa lina inagwera pabedi pomwe panagona kamtsikana kanga ka zaka zinayi. Mpaka lero ndikaganiza za ola limenelo m'mimba mumatentha.

Kutchalitchi kwathu kuli madala ena, bilidala wakalekale, amene anayamba kugwira chipande cha simenti ine ndisanabadwe. Ndinawapempha adzaone. Anabwera opanda chida chilichonse, anangotulutsa msomali wa mainchesi anayi m'thumba la jekete. Anakanda pulasitala pafupi ndi mng'alu uja, ndipo anayoyoka ngati chigumu chouma. Anakanda pakati pa njerwa, n'kutuluka dothi lofiira. "Mwana wanga," akutero, "nyumbayi anamangira dothi. Simenti ali pakhungu pokha." Anazula kachidutswa ka njerwa n'kukafikisa ndi zala, kanangosanduka fumbi.

Kumangira dothi pakokha si mlandu, nyumba zambiri m'dziko muno ndi zotero, ndipo ena a inu mukuwerenga muli m'nyumba yotero yomwe yakhala zaka makumi. Koma nyumba ya dothi imafuna chipewa chachikulu ndi nsapato zabwino, ndi mmene ananenera madalawo. Denga lotulukira kunja kuti khoma lisanyowe, ndi maziko okwera kuti madzi apansi asalifike. Yathuyi inalibe zonse ziwiri. Anapempha khasu n'kukumba m'mbali mwa khoma. Mizere itatu ya njerwa, basi, kenako dothi lakuda. Konkire wapansi kunalibe. Pulasitiki yakuda ija amayala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere ndi khoma inalibemo. Mayi wina woyandikana nafe, amene anabadwira komweko, anaima n'kumaonerera, kenako akuti, "Pamenepatu panali dimba, tinkadulapo nzimbe." Ndinamufunsa kuti bwanji simunanene? Akuti, "Munafunsa?"

Madala aja anakhala pa ndowa n'kundiphunzitsa zinthu zimene ndikanayenera kudziwa ndisanatulutse ndalama. Ndikupatsirani, mwina wina zimupulumutsa.

Matope a simenti omangira khoma, thumba limodzi la makilogalamu 50 limayenera mawilibala atatu a mchenga. Womanga kuti agulitse amathira asanu, asanu ndi limodzi, mtundu umaoneka womwewo koma mphamvu mulibe. Simenti akaikidwa amafuna kumwa madzi, kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo amafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Wothamangira kugulitsa alibe masiku amenewo, lero pulasitala, mkuja penti. Malata ali ndi geji, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala: 28 ndi lolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi lija limapindika ukangoliponda. Ukalipaka utoto wa buluu onse amaoneka amodzi. Matabwa a paini akakhomedwa ali aawisi, osapakidwa mankhwala, amapindika akamauma ndipo chiswe chimachita phwando. Njerwa yopsa bwino ukaigunditsa ndi inzake imalira ngwee, yosapsa imangoti phu.

Pa njerwapa anaima nthawi yaitali. Akuti kale uvuni unkadya mitengo yachilengedwe, zipika zoti anthu awiri kunyamula, moto masiku angapo. Lero nkhuni zake zili kuti? Yang'anani phiri la Ndirande mmene lilili mbee. Wootcha njerwa amagula nkhuni modula, ndiye amazimitsa moto msanga, njerwa zakunja kwa uvuni zimatuluka zitangodetsedwa ndi utsi. Boma linaletsa mu 2018 kumangira njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda pofuna kuteteza mitengo, n'chifukwa chake mukuona mabuloko a simenti ali ponseponse. Koma buloko nalonso limaberedwa chimodzimodzi. Thumba limodzi kuumbira mabuloko ochuluka kuposa muyezo, kuwayanika padzuwa osawathirira, mawa lake ali pamsewu akugulitsidwa.

Ndinawafunsa kuti madala, inuyo simunachitepo zimenezi? Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ndinachitapo. Mwini nyumba ali ku Joni, akutumiza ndalama kwa mlamu wake, mlamuyo wadyapo theka, n'kundiuza kuti ndimalize ndi matumba khumi pofunika makumi awiri. Ndikakana aitana mnyamata wina mawa. Ana anga adya chiyani?" Sindinawayankhe. Inenso dengu likabwera theka lili lophwanyika kuchokera ku Bvumbwe, sinditaya. Ndimadziwa kumene ndimaliika.

Ndinapita kwa mwini nyumba uja ndili moto. Anandimvetsera mpaka kumaliza, ali phee, akuseweretsa makiyi a galimoto. Kenako akuti, "Mayi, nyumbayi munaiona nokha. Ndinakugwirani dzanja?" Abale, mawu amenewa analasa penipeni, chifukwa ndi omwewo amene ine ndimayankha kasitomala akabwerera ndi jumbo. Tinakokanakokana kwa amfumu mpaka anavomera kubweza, atachotsapo lendi ya miyezi yonse pamtengo wodziikira yekha, ndi ndalama ya siling'i ngati kuti ndinaigwetsa ndine. Ndipo anati ndalamazo zituluka akapeza wogula wina.

Apa ndi pamene pali tchimo langa lachiwiri, lalikulu kuposa la tomato.

Mvula itatha anatumiza anyamata. Anamata mng'alu, anakhoma siling'i yatsopano, anapala matuza aja n'kupakanso penti. Masiku anayi okha nyumba inabwerera ukwati wake. Tsiku lina tikulongedza katundu, dobadoba yemwe uja anafika ndi mayi wina, wamsinkhu wangawu, mwana kumsana. Anavula nsapato pakhomo. Ndinamuona akuyang'ana timagetsi ta m'siling'i, kukamwa kuli yasa. Anandipatsa moni n'kufunsa, "Asisi, mukusamukiranji nyumba yabwino chonchi?" Ndinati kwatalika ndi kumsika. Ndi zoona kuti kunali kutali. Koma ndinadziwa kuti ndalama zanga za zaka 9 zili m'chikwama cha mayi ameneyo, ndipo ndikatsegula pakamwa sindidzazionanso. Ndinatseka pakamwa. Ndinamuthandiza kumasula mwana kuti akhale pansi.

Ndalama zinabwera modukizadukiza, ndipo zili m'njira kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022. Zimene zinatsala m'manja sizikanagula nyumba yatsopano ina iliyonse, olo ya dothi. Ndi umphawi umene unatipititsa ku nyumba yakale, ndisakunamizeni kuti inali nzeru.

Madala aja ndi amene anatiuza za nyumba ina ku Bangwe, ya mnzawo amene anamwalira. Tsiku loyamba kuiona ndinafuna kulira. Malata ofiira ndi dzimbiri. Mawindo ang'onoang'ono, magalasi ena osweka atatsekedwa ndi makatoni. Pansi simenti wofiira uja wa polishi, wong'ambikang'ambika. Kukhitchini khoma lakuda bii ndi utsi wa zaka makumi anayi. Fungo la mileme. Bambo a ana anga anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mayi a ana, tichoke m'matailosi tidzalowe m'khola?" Madala sanayankhe, anangowapatsa msomali uja. Abambo anakanda pakati pa njerwa, kukanda, kukanda, msomali n'kuyamba kutentha m'manja, pakhoma pangotsala kamzere koyera. Khoma lakunja linali la njerwa ziwiriziwiri, lija amati la nayini inchi, pamene la ku Machinjiri linali la njerwa imodzi. Mafelemu a zitseko anali a mlombwa, chiswe chinangolawa n'kusiya. Kulowa m'nyumba umakwera masitepe atatu. Khonde kutsogolo ndi kumbuyo, denga litatulukira kunja mbali zonse. Pa sitepe yapamwamba munthu analemba ndi chala simenti ali wamuwisi: 1976.

Mwini wake anali mmodzi wa amuna aja anapita kumigodi pa Wenela, n'kubwerera Kamuzu ataletsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Ndalama za kumgodi anaziika m'makoma amenewa. Akuti ankaima yekha pamene akusakaniza simenti, n'kumawerenga mawilibala mokweza. Sankamangira wogula, ankamanga poti adzafere, ndipo anaferadi momwemo.

Tsono musafulumire kuomba m'manja, chifukwa nyumba yakale ili ndi minga yake, ndipo yoyamba si ya njerwa. Malemuwo anasiya ana asanu. Atatu ankafuna kugulitsa, mmodzi ankakana, wina ali ku Joni foni yake imagwira Lamlungu lokha. Panatulukanso azakhali ena akuti m'bale wawo anawalonjeza chipinda. Ine nditapsa kale kamodzi, ndinakana kutulutsa olo tambala mpaka onse asanu asaine ndipo pakhale kalata ya kukhoti yosonyeza amene ali ndi mphamvu yoyendetsa chuma cha masiyecho. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana a malemu, ndiye ukagula kwa mwana mmodzi ena osadziwa, wagula mlandu. Zinatenga miyezi inayi, ife tili m'chipinda chimodzi cha lendi, katundu ataunjikidwa mpaka kudenga. Kukhonsolo posintha dzina la puloti tinapeza ngongole ya msonkho wa malo ya zaka zingapo, kumadzi nakonso bilu yosalipidwa. Zonsezo zinagwera ife.

Kenako kukonza. Iii. Nyumba yakale ukatsegula pamodzi imakuonetsa pena. Tinati tisinthe malata asanu odontha, titakwera tinapeza mitengo ya denga mbali ya kukhitchini ili mphako, chiswe chinadya mkati n'kusiya khungu. Tinati tiwonjezere soketi imodzi, wamagetsi atatsegula akuti mawaya onsewa achoke, ena ukangowagwira chikopa chake chikuthetheka. Mtengo wa mango umene ndinaukonda tsiku loyamba unali utalowetsa mizu pansi pa chipinda cha ana. Chimbudzi chokumba chinali pafupi kudzaza. Ndalama zimene tinkati zikwanira nyumba yonse zinathera padenga ndi magetsi.

Tinalowamo ikukonzedwa, chifukwa lendi ndi simenti sizikanayendera limodzi. Miyezi isanu tinkagona pabalaza tonse, kuphika panja, fumbi m'nsima, fumbi m'mabulangete, mwana wachiwiri chifuwa osatha. Ine ndi abambo tinakangana kuposa zaka zonse za banja lathu. Panali masabata awiri amene tinkangolankhulana kudzera mwa ana. Iwo ankati ndinawakokera m'dzenje lopanda pansi, ine ndinkati dzenje loyamba tinalowa tonse tikuseka. Simenti tinkagula thumba limodzilimodzi, malonda akayenda. Tsiku lopaka pulasitala ndinkasiyira benchi mtsikana wa mnzanga, n'kukhala pampando pafupi ndi mulu wa mchenga kuwerenga mawilibala. Anyamata a madala aja ankandiseka, amvekere bwana fomani afika. Folo koloko m'mawa, ndisanapite kukapikula, ndinkayamba ndathirira khoma ndi kapu ndi ndowa, mdima uli bii, agalu akuuwa.

Tsiku lina nditatopa ndinauza madalawo kuti basi, anthu akale ndiwo ankadziwa kumanga, a lero ndi mbava. Anapukusa mutu. Akuti, "Mwana wanga, nyumba zoipa za 1976 zinalipo zambiri. Zinagwa kalekale, n'chifukwa chake sukuziona. Ukuona zotsala." Anandionetsanso kuti yathuyi, ndi kulimba kwake konse, ilibe lamba wa konkire ndi zitsulo uja amazunguliza pamwamba pa mawindo, amene womanga wabwino wa lero sangamusiye. Ndipo ndi zoona, mumzere wathu muli mayi wogulitsa nyemba amene wakhala akumanga yake ya mabuloko chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, mzere ndi mzere, buloko lililonse analigogoda yekha. Ilibe penti, ilibe tailosi olo imodzi, koma ndingagonemo mvula ili yotani. Anthunso amatamanda nyumba zakale za Malawi Housing Corporation, bungwe lija linayamba mu 1964, za ku Nkolokosa ndi ku Kanjedza, ndipo zambiri zaimadi mpaka lero. Koma zina mwa nyumba za nthawi imeneyo zili ndi madenga a asibesitosi, amene fumbi lake ukamaswa kapena kudula limaononga mapapo, ndiye wokonza asamangokwera ndi hamala ngati akuswa mtedza.

Mu March 2023 kunabwera Freddy. Za ameneyu sindikufuna kulemba zambiri, ena a inu munaika abale m'manda, ena simunapeze n'komwe oti muike. Mvula masiku angapo osapuma, phiri la Soche kutsika ndi matope ndi miyala pa Chilobwe, anthu mazanamazana kupita. Mumsika mwathu muli mabenchi amene eni ake sanabwerenso. Pamenepo panalibe za geji ya lata kapena mawilibala atatu, kumene kunadutsa phiri kunapita nyumba ya dothi ndi ya konkire yomwe. Ndiye ndisamveke ngati ndikudzitama. Ife tinangokhala ndi mwayi kuti wa kumgodi uja anasankha malo okwera, kutali ndi khwawa.

Makoma athu sanasunthe. Mbali imene tinali tisanasinthe malata inadontha moti mapoto ndi mabeseni onse anatha. Chimbudzi chija chinatitimira usiku wachiwiri, mwamwayi mulibe munthu. Mabanja awiri oyandikana nafe, amene makoma awo anagwa, anagona pabalaza pathu sabata ndi theka, anthu 16 m'nyumba ya zipinda zitatu. Abambo anali kalikiliki kutunga madzi ndi kusaka makala, za khola zija sanazitchulenso, ndipo ine sindinawakumbutse.

Koma usiku uliwonse wa mvula imeneyo maganizo anga anali ku Machinjiri. Ndinkaona mwana uja tinamumasula kumsana.

Misewu itayamba kuyendeka ndinakwera minibasi, osauza munthu. Ndinapeza khoma lapamwamba lija, lobisa denga, litagwera mkati mbali ya kuchipinda cha ana, ndipo khoma lakumbuyo litatseguka kuyambira pawindo mpaka pansi moti ungalowetse mkono. Matailosi anali akunyezimirabe pansi pa matope. Mwa nyumba zinayi zija, zitatu zinali zitavulala. Mayi wa nzimbe uja ndi amene anandiuza kuti onse anatuluka amoyo, koma mayi wa m'nyumbamo njerwa zinamuphwanya mwendo pamene ankatulutsa mwana. Ndinafunsa kumene ali. Ndinauzidwa. Sindinapite. Ndinabwerera ku Limbe n'kukakhala pabenchi ngati palibe chachitika.

Anandipeza yekha patatha miyezi isanu ndi umodzi. Anaima kutsogolo kwa benchi langa, akutsimphina pang'ono, n'kuloza mulu wa tomato. Sanandizindikire msanga. Ndikumuikira mujumbo anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Asisi, si inu munkakhala m'nyumba ija?" Ndinati ndine. Anakhala chete, kenako, "Munkadziwa?"

Ndikanatha kunena kuti kunali kutali ndi msika. Mawuwo anafika pakamwa. Ndinati, "Ndinkadziwa. Siling'i inagwa ife tili momwemo. Ndinkafuna ndalama zanga."

Sanatukwane. Bola akanatukwana, anzanga a mumzere akanandithandiza kubweza, nkhani n'kuthera m'phokoso. Anangotenga jumbo yake, kulipira ndalama yokwanira, n'kumapita. Ndinamuthamangira ndi ndalamayo, anakana. Akuti, "Tomato ndagula."

Mu November chaka chomwecho kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti, simenti n'kukwera moti ntchito kwathu inaima. Mpaka pano chipinda chimodzi chilibe pulasitala, siling'i tinaika pabalaza pokha, chimbudzi chatsopano chitseko chake ndi lata lakale la padenga. Alendo akabwera amayang'ana pansi pofiira paja n'kufunsa kuti matailosi muika liti. Ndimati tikaona. Mayi anga akabwera amakhala pakhonde tsiku lonse akusenda nandolo, mwambi wawo uja sanaumalizebe.

Mayi uja anabweranso. Kachiwiri sitinalankhule zambiri, kachitatu anakhala pa kreti n'kundiuza kuti mlandu wawo ndi mwini nyumba uja ukungozungulira, ndipo akuchita lendi ku Chirimba. Musandifunse ngati anandikhululukira, nkhani imeneyo sitinaikambe, ndipo ine ndilibe nkhope yoifunsira. Musandifunsenso ngati ndinasiya kuika wamkulu pamwamba. Sabata yathayi anandiuza kuti mchimwene wake wamupezera kanyumba kakale ku Chilomoni, eni ake akusamukira kumudzi, ndipo akufuna wina woti akaone naye asanapereke kalikonse. Madala aja miyendo inawavuta, sayendanso mitunda. Ndinapita kukawaona Lachitatu, anandipatsa msomali wawo uja n'kundiuza kuti ndikayambe kukanda kumbuyo, m'munsi, mbali imene kumachokera mvula, ndipo ndikafunse oyandikana nawo kuti pamalopo kale pankamera chiyani. Tikupita Loweruka m'mawa, benchi ndasiyira mtsikana uja mpaka masana.